Sabata imene ndinadwala mwadala

Ndinaphunzitsa Sitandade 3 kwa zaka zambiri, ndipo nditapuma pantchito ndinkaganiza kuti zophunzitsa ndathana nazo. Ndinabwerera kwathu kufupi ndi Bandawe n'kuyamba kulima chinangwa ngati anzanga onse. Chimene chinandikanika kusiya ndi masewero a kutchalitchi. Pa Khirisimasi ndi pa Pasaka ndine ndinkagawa mbali, ndipo akasowa munthu woti akhale mfumu yoipa mtima, ndinkadzikulunga ndekha nsalu kumutu n'kukhala mfumuyo.

Tsiku lina m'mawa ndikuyanika chinangwa pathandala, kunabwera mwana wa mchimwene wanga, amene ndi namwino pachipatala cha kuno kwathu. Sanakhale n'komwe pansi.

"Azakhali, ku Kande kukubwera madokotala kudzaphunzira sabata yathunthu. Akufuna munthu wodziwa kudwala."

"Odwala atha m'chipatala mwanumo?"

"Ayi, akufuna wodwala wonamizira. Ndawauza kuti ndikudziwa mmodzi."

Anandifotokozera kuti madokotalawo si ana asukulu, koma anthu oti agwira ntchito zaka zambiri. Masiku ano sukulu za udokotala zimatumiza ophunzira m'zipatala za kuno kuti adzaone ntchito ndi maso, ndipo amene amawalandira ndi madokotala omwewa. Kuchiza amadziwa, koma kuphunzitsa palibe anawaphunzitsapo. Ndiye anafuna ayesere pa munthu woti ngakhale wina alakwitse, sapwetekeka.

Lolemba ndinakwera minibasi n'kukatsika pa Kande. Maphunzirowo ankachitikira mu holo ya pamalo ena ogona alendo. Mipando anaiika mozungulira, pakati n'kuikapo bedi la kuchipatala lenileni. Amene ankatsogolera anali adokotala aakazi ochokera ku Blantyre, aafupi, aimvi, olankhula motsitsa mawu moti munthu unkachita kuweramira kutsogolo kuti umve. Anandipatsa pepala.

Pepalalo linati ndine mayi wa zaka makumi asanu, mwamuna wanga amagwira ntchito ku esiteti ya labala. Ndili ndi chilonda kuphazi chimene sichikupola, ndimamva ludzu kwambiri, ndipo usiku ndimadzuka kambirimbiri kukataya madzi.

"Koma amayi, za ludzu ndi za usikuzo musazinene mpaka atakufunsani," anatero atsogoleriwo. "Odwala enieni sabwera ndi mayankho m'manja."

Dongosolo lake linali lotere. Wophunzira azindifunsa, dokotala mmodzi aime pambali pake ngati mphunzitsi wake, ndipo ena onse aonerere. Koma woyesedwa sanali wophunzirayo. Maso onse anali pa dokotala, kuona mmene aphunzitsire.

Woyamba kundifunsa anali mtsikana wa ku Ntcheu, wamanyazi, atagwira kope ndi manja onse awiri. Amene anaima pambali pake anali adokotala ena aatali kwambiri ochokera cha ku Kasungu. Ine ndinkawadziwa ndi mbiri. Ndi amene anachita opaleshoni mnansi wanga madokotala ena atagwa naye mphwayi, ndipo kuchokera ku Tukombo mpaka ku Mpamba anthu ankawatama kuti ali ndi manja abwino.

Mtsikanayo anandipatsa moni m'Chichewa, ine n'kuyankha m'Chitonga chathu kuti "Nde umampha," monga akanayankhira mayi aliyense wa kuno. Anamwetulira pang'ono n'kufunsa chimene chandibweretsa. Ndinamuonetsa phazi, limene namwino uja anali atalipaka mankhwala ofiira. Anafunsa kuti ndinavulala liti, ndinavulala ndi chiyani, ndapakapo chiyani. Mafunso ake sanali oipa, kungoti ankayenda pang'onopang'ono. Adokotala aataliwo anayamba kusinthasintha miyendo. Pa funso lachinayi anamudutsa n'kuima patsogolo pake.

"Amayi, usiku mumadzuka kangati kukataya madzi? Nanga ludzu? Mwaonda kapena munali chonchi kale?"

Ndinayankha monga pepala linanenera. Sipanathe mphindi ziwiri.

"Ndi shuga ameneyu," anatero, akutembenukira kwa mtsikanayo. "Waona? Lemba. Zaka zonsezi kusukulu kuja umaphunzira chiyani?"

Mtsikanayo analemba, maso ali pansi. Atsogoleri anafunsa madokotala ena kuti aona bwanji. Ena anati zayenda bwino, ena anati liwiro lotere ndi limene limafunika pamzere wa odwala. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu amayi, mwaona chiyani?"

Sindinkayembekeza kufunsidwa, koma yankho ndinali nalo kale pakamwa.

"Monga wodwala ndilibe dandaulo, andipeza matenda msanga. Koma ine ndinali mphunzitsi, ndipo mwanayu sanaphunzirepo kanthu. Mwamulembera yankho pabolodi, iye wangokopera."

Adokotala aataliwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lofiira lija.

"Amayi, m'kalasi mwanu mwana akalakwitsa mumafufuta ndi dasitala. Kwathu kuno munthu akalakwitsa, kumudzi kumagwa maliro."

Ananena zoona. Amene anayankha ndi atsogoleri aja, ndi mawu awo otsika omwewo.

"Mayiwa akanafa m'mphindi zisanu?"

"Ayi."

"Ndiye mphindi zisanu zimenezo bwenzi zili za mwanayu."

Adokotalawo anakhala pansi, ndipo tsiku lonselo sanandiyang'anenso.

Lachiwiri wolakwa ndinali ine. Anandipatsa pepala la mayi wotsokomola, ndipo wondifunsa anali wophunzira wina. Poona kuti anthu onse akundiyang'ana, mtima wa masewero unandikwera. Ndinawonjezera kuti pamtima pakundibaya, ndinagwira pachifuwa, kenako n'kudzigwetsa pabedi maso atatembenuka. Wophunzirayo anasiya za chifuwa zonse n'kuyamba kuthamanga ndi matenda a mtima, ndipo dokotala amene ankamuyang'anira anasokonezeka naye limodzi. Atsogoleri anaimitsa zonse.

"Amayi, zimenezo zili papepala?"

"Ayi, ndangokometsera."

"Kuno si kutchalitchi. Mukawonjezera zanu, mwanayu akulakwa chifukwa cha inu, osati chifukwa cha iye."

Ndinachita manyazi, ine amene dzulo lake ndinkaphunzitsa madokotala ntchito. Adokotala aatali aja anaseka mokweza mpaka kupukuta misozi. Koma nthawi ya tiyi itakwana, anatenga kapu yawo n'kudzakhala pabenchi pamene ndinakhala ine, pansi pa mtengo wa mango.

"Aphunzitsi, lero mwalephera mayeso," anatero.

"Ndalephera. Tsopano tili awiri."

Anaseka, kenako anafunsa mosaseka. "Mwana mukamufunsa funso, iye n'kungokhala chete, munkatani?"

Ndinawauza kuti ndinkadikira, ndipo kudikirako n'kumene kunandivuta kuphunzira kuposa china chilichonse. Zaka zanga zoyamba ndinkafunsa funso n'kuliyankha ndekha mwana asanatsegule pakamwa. Ndinawauzanso za mwana wina amene ankalakwitsa masamu ochotsera tsiku ndi tsiku. Ndinamukalipira teremu yathunthu osasintha. Tsiku lina nditatopa ndinangomuuza kuti awerengere mokweza ine ndikumva. Ndinapeza kuti nthawi zonse ankachotsa nambala yaing'ono ku yaikulu, kaya ili pamwamba kaya ili pansi. Cholakwa chake chinali chimodzi chokha, ndipo tinachikonza tsiku lomwelo.

"Mukamuuza yankho, simudziwa pamene wasochera," ndinatero. "Mufunseni kuti akuganiza chiyani. Mwina mtsikana uja anatsala funso limodzi kuti afike pa ludzu."

Anazunguza tiyi wawo. Kenako anandiuza kuti iwo anaphunzitsidwa ndi dokotala wina amene ankaponya mafayilo pansi wophunzira akalakwitsa, n'kumutoletsa odwala akuona.

"Ndinaphunzira ndi mantha, koma ndinaphunzira," anatero.

"Amene munayamba nawo, onse anamaliza?"

Anati panali mnzawo wina wanzeru kuposa iwo amene anasiya pakati, ndipo pano amagulitsa zitsulo za galimoto. Belu litalira tinalowa.

Lachitatu anawaikanso ndi mtsikana wa ku Ntcheu yemwe uja. Ine ndinali mayi womva chizungulire. Adokotalawo anapisa manja onse awiri m'matumba a gawuni yawo yoyera. Kawiri konse anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Mtsikanayo anazungulira ndithu, anafunsa za malungo, anafunsa za chakudya, kenako anaima n'kuwayang'ana.

"Ukuganiza chiyani?" anamufunsa. Mawuwo anatuluka ngati akumuopseza, moti anthu ena anaseka. Anabwereza mofatsa. "Tandiuza zimene zili m'mutu mwako."

Mtsikanayo anatchula matenda atatu. Awiri anali kutali, koma achitatu anali omwewo a papepala langa, kuchepa kwa magazi. Adokotalawo anamufunsa kuti angatsimikize bwanji. Iye anabwera n'kunditsitsa chikope, n'kuyang'ana zikhatho zanga. Pobwerera pampando wake ankayenda mosiyana ndi Lolemba lija.

Lachinayi m'mawa atsogoleri ananditengera pambali tisanayambe. Anati pepala la tsikulo ndi lolemera, ndipo ngati sindingathe ndinene. Linali la mayi amene wabwera kudzamva zotsatira, ndipo zotsatirazo zikuti ali ndi khansa ya khomo la chiberekero imene yafalikira kale. Wophunzira anayenera kumuuza.

Ndinawerenga kawiri. Mkulu wanga, amene ndinapondana naye, anamwalira ndi matenda omwewo. Atsogoleriwo sindinawauze. Ndinangoti ndikwanitsa.

Atsogoleri anaitana adokotala aatali ndi wophunzira wawo, n'kunena kuti asanayambe, mphunzitsi amukonzekeretse mwanayo anthu onse akumva. Adokotalawo anaimirira, anayang'ana pepala, anayang'ana anzawo.

"Ine izi sindizidziwa," anatero. "Zaka zonsezi ndimatuma anamwino. Apo ayi ndimaitanira achibale panja n'kuwauza, wodwalayo n'kumulembera mankhwala. Kumuuza munthu maso ndi maso sindinachitepo bwinobwino."

Palibe anaseka. Dokotala wina wachikulire kumbuyo anagwedeza mutu movomereza.

"Ndiye mumuphunzitsa bwanji?" anafunsa atsogoleri.

"Tiganiza limodzi."

Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi mtsikanayo. Anamufunsa kuti akanakhala mayi ake akanafuna auzidwe bwanji. Mtsikanayo anati akanafuna dokotala akhale pansi, asalankhule ataimirira. Adokotala anawonjeza kuti afunse kaye ngati wodwala wabwera ndi munthu. Mtsikanayo anati afunsenso zimene mayiyo akudziwa kale. Anatsutsana pang'ono pa dzina la matendawo, ngati alitchule kapena alizungulire, ndipo anagwirizana kuti alitchule. Zonsezi ine ndinkamva ndili pabedi.

Mtsikanayo anabwera n'kukhala pafupi nane. Anandifunsa amene ndabwera naye, ndinati ndabwera ndekha. Anandifunsa zimene ndikuganiza za matenda anga, ndinati mwina ndi zilonda za m'mimba. Yankho limeneli silinali papepala, koma silinali lokometsera. Ndi zimene ife apabanja tinkamuuza mkulu wanga mpaka tsiku lomaliza.

"Amayi, zotsatira zabwera, ndipo sizili bwino," anatero. "Ndi khansa."

Atangotchula liwulo anachita mantha, n'kuyamba kuthamanga. Anakamba za kalata yopita kuchipatala chachikulu, za mankhwala, za masiku obwereranso, mawu ambirimbiri osapumira. Ine sindinamvepo ngakhale limodzi. Ndinkaona mkulu wanga atagona pamphasa m'nyumba mwathu, akundifunsa kuti bwanji zilonda zake sizikumva mankhwala, ine n'kumuuza kuti apirire.

Ndinamudula mawu mtsikanayo. Chichewa chinandithawa, ndipo ndinamufunsa m'Chitonga ngati ndifa.

Chitonga sankachidziwa, koma funsolo analimva. Anatembenuka kuyang'ana adokotala ake. Iwo sanasunthe pamene anaima. Anangoloza ndi chibwano kwa ine, kumuuza kuti ayang'ane wodwala wake. Mtsikanayo anaika kope pansi n'kundigwira dzanja.

"Matendawa pamene afikapa sitingawachize, amayi," anatero. "Koma ululu tingathe kuuchepetsa, ndipo sitikusiyani nokha. Mukufuna tiitane ndani kuti tikambirane naye limodzi?"

Ndinalira, ndipo sikunali kulira kwa sewero. Atsogoleri anaimirira kuti aimitse, koma ndinakweza dzanja kuwaletsa. Ndinafuna mwanayo amalize zimene wayamba. Anakhala nane mpaka ndinatonthola, kenako anandifunsa ngati ndingathe kuyenda ndekha kukafika kunyumba.

Itakwana nthawi yoti mphunzitsi alankhule ndi wophunzira wake, adokotalawo sanayambe ndi zolakwa. Anamufunsa kuti akumva bwanji. Mtsikanayo anati akadali ndi mantha. Anamufunsa chimene akuona kuti wachita bwino, ndipo iye anati palibe.

"Chilipo," anatero. "Atakufunsa funso lija sunaname. Ine bwenzi nditanena kuti tiona. Chokonza ndi chimodzi. Utatchula khansa unalankhula kwambiri, pamene mayiwa sankamvanso kanthu. Ndikudziwa chifukwa chake. Ine ndimathawa ndi miyendo, iwe unathawa ndi pakamwa. Ulendo wina ukatchula liwu limenelo, tseka pakamwa, udikire."

Atsogoleri anauza onse kuti tipume.

Panja ndinawauza atsogoleriwo za mkulu wanga. Anandidzudzula kuti ndikanawauza m'mawa muja, chifukwa sibwino munthu kulowa m'zotere atanyamula chisoni chake popanda wodziwa. Ndinavomera. Koma ndinawauzanso kuti sindikudandaula. Mkulu wanga anapita popanda womuuza zoona, ngakhale ndikukhulupirira kuti ankadziwa, ndipo mwina panali zimene akanakonda kutiuza tikanamupatsa mpata. Tsiku limenelo ndinamva mmene kukambirana kumene tinakuthawa kuja kukanayendera, ndipo ndinaona kuti munthu atha kukupirira.

Lachisanu linali tsiku la masetifiketi ndi zithunzi. Ine anandiimika pakati, phazi langa likadali lofiirira chifukwa mankhwala aja sankachoka ndi sopo. Potsanzikana adokotala aatali anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kundithokoza kuti "Yewu ukongwa, aphunzitsi," Chitonga chake chopindika moti ogwira ntchito pamalopo anaseka. Anandifunsa ngati angadzabweretse ophunzira awo kunyumba kwanga kuti adzayesere pa ine asanakumane ndi odwala. Ndinati abwere, bola asandipeze ndili kumunda.

Anabweradi, kangapo konse, Loweruka masana. Tinkaika mphasa pakhonde, ophunzira atatu kapena anayi n'kumandifunsa mosinthana, iwo atakhala pa mpando wanga wa nsungwi umene unkawachepera. Sindinganene kuti anasanduka munthu wina. Mwana wa mchimwene wanga amandiuza kuti m'wodi amakalipabe wina akaiwala kusamba m'manja, ndipo wodwala akafika ali kayakaya amakankhira aliyense pambali n'kugwira okha ntchito, zofotokoza n'kubwera pambuyo. Pamenepo ine sindiwatsutsa. Koma akuti pakakhala nkhani yovuta youza wodwala, masiku ano amalowa okha, atatenga wophunzira mmodzi ndi mipando iwiri. Mtsikana wa ku Ntcheu uja anamaliza sukulu ndipo anamutumiza ku Usisya, kumene anthu amapitako pa boti. Ndinamva kuti ulendo woyamba anasanza m'boti njira yonse, koma pano Chitonga amalankhula moti odwala amamufunsa kuti ndi mwana wa ndani.

Maphunziro aja amabwerabe, ndipo nthawi iliyonse amandiitana. Ulendo wachiwiri ndinadandaula kwa atsogoleri kuti mapepala awo amalembedwa ndi anthu a m'tauni. Mayi wa kuno sanena kuti akumva chizungulire kuyambira Lachiwiri. Amanena kuti mutu unayamba kumuzungulira tsiku limene ankachokera koviika chinangwa, ndipo dokotala ayenera kudziwa kufunsa kuti linali liti. Msodzi sanena kuti akuonda, amanena kuti bwato layamba kumulemera pokoka. Atsogoleriwo anamvetsera, kenako anandipatsa kope ndi cholembera n'kunena kuti ndizilemba ine, iwo azingoona ngati zizindikiro zake zikugwirizana ndi matenda.

Ndiye masiku ano ndikapita kumsika wa Chintheche kapena ndikakhala pamaliro, makutu anga amakhala ku madandaulo a anthu. Wina akayamba kufotokoza za msana wake, ine ndimasendera pafupi, ndipo ndikafika kunyumba ndimalemba mmene wanenera, osatchula mwini wake. Ndinapezanso anzanga awiri oti tizidwala limodzi, bambo wina wa ku Tukombo amene anasiya usodzi chifukwa cha maso, ndi mayi wina wa ku Mulanje amene anakalambira ku esiteti. Bamboyo ndi katswiri pa mbali ya wodwala amene anasiya kumwa mankhwala koma akukana kuti sanasiye. Ulendo watha dokotala wina wachinyamata ndi wophunzira wake analimbana naye theka la ola, mpaka wophunzirayo anaganiza zomupempha kuti aonetse botolo lake la mankhwala. Bamboyo anapisa m'thumba monyinyirika n'kulitulutsa lili lodzaza.